Webusaiti Yatheka pa Laputopu: Nanga Ifika Bwanji pa Intaneti?

Webusaiti ndi mafayilo osungidwa pa kompyuta yosazimitsidwa usana ndi usiku, yomwe imatchedwa seva. Munthu akalemba dzina la webusaitiyo pa foni yake, seva imamutumizira mafayilowo, foni n'kuwasandutsa tsamba looneka ndi maso. Wachinyamata wa ku Kawale kapena ku Area 23 yemwe wayamba kuphunzira ntchitoyi sachedwa kulemba tsamba lake loyamba, kulipaka mitundu ndi kulitsegula pa laputopu. Koma tsambalo limathera m'chipinda mwake momwemo. Kuti lifike pa foni ya munthu wa ku Mzuzu kapena ku Johannesburg pamafunika dzina, malo pa seva, ndi njira yolipirira ziwirizi chaka ndi chaka. Ambiri amaimira pamenepa, chifukwa maphunziro a pa YouTube amakonzedwa ndi anthu a kumayiko komwe magetsi sathimathima, intaneti ndi yotsika mtengo, ndipo kulipira madola khumi ndi khadi la ku banki si nkhani n'komwe.

Asanaganize zolipira kalikonse, wophunzira atsimikize kuti maziko wawagwira. HTML ndiyo imanena zomwe zili pa tsamba: mutu, ndime, chithunzi, fomu. Idachokera kwa Tim Berners-Lee, yemwe adakonza webusaiti yoyamba ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo dziko lidayamba kuiona mu 1991. CSS, ya mu 1996, imanena maonekedwe ake, pomwe JavaScript, ya mu 1995, imachititsa tsamba kuyankha munthu akadina pena pake. Chiyeso chachikulu kwa woyamba kumene ndi kuthamangira mayina otchuka monga React asanathe kukonza tsamba wamba. Njira yodziyesera ndi yosavuta. Ajambule tsamba papepala, kenako alikonze pa kompyuta osakopera kwina, ndipo lioneke bwino pa foni yaing'ono ndi pa kompyuta yaikulu pomwe. Akalephera, abwerere ku CSS, makamaka mbali zake ziwiri zotchedwa flexbox ndi grid, zomwe zimayala zinthu pa tsamba.

Maphunziro aulere alipo okwanira. MDN Web Docs ya bungwe la Mozilla ndiyo yodalirika kwambiri pofufuza tanthauzo la chilichonse mu zilankhulo zitatuzi, ndipo freeCodeCamp ndi The Odin Project zimamuyendetsa munthu sitepe ndi sitepe pomupatsa ntchito yochita. Kwa yemwe amagula bandulo ndi ndalama ya ganyu, kuwerenga kumaposa kuonera, pakuti kanema wa ola limodzi amadya bandulo yomwe ikadatsegula masamba olembedwa mazanamazana. Webusaiti ya DevDocs imalola kusunga mabuku a HTML, CSS ndi JavaScript pa laputopu kuti aziwerengedwa popanda intaneti. Pulogalamu yolembera ya Visual Studio Code nayo ndi yaulere, ndipo ikangoikidwa imagwira ntchito bandulo ilipo kapena palibe.

Phunziro lomwe limasiyanitsa wopanga mawebusaiti wa ku Lilongwe ndi wa ku London ndi la kulemera kwa tsamba. Anthu ochuluka kuno amalowa pa intaneti ndi foni, nthawi zambiri ya itel kapena Tecno, ndipo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, yomwe siitsegula masamba ena. Munthu wotere akaganiza zotsegula webusaiti amakhala akuwononga bandulo ina yodulirapo, choncho tsamba likachedwa amalitseka osabwereranso. Cholemetsa tsamba kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pa foni chikhoza kukhala cha ma MB atatu kapena asanu, ndipo zithunzi 20 zotere pa tsamba limodzi zimayandikira ma MB 100. Chithunzi chomwecho chikachepetsedwa kukula n'kusungidwa mu mtundu wa WebP chimatha kutsika kufika pa ma KB 100 popanda diso kuona kusiyana kwenikweni. Chida chaulere cha Squoosh chimachita zimenezi. Makanema odziyambira okha, zilembo zamitundumitundu zochokera kwina ndi zithunzi zoyendayenda pamwamba pa tsamba zimasangalatsa wozipanga kuposa woziona. Mu Chrome muli zida zoyesera mmene tsamba lingatsegukire netiweki ikakhala yofooka, koma mayeso enieni ndi kubwereka foni yakale ya m'bale n'kutsegula tsambalo madzulo, nthawi yomwe netiweki imadzaza. Kanthu kena kakang'ono koma kofunika kwa olemba m'Chichewa: tsamba liuzidwe kuti zilembo zake ndi za UTF-8 kuti chilembo cha ŵ chisasanduke zizindikiro zachilendo, ndipo chilankhulo chake chilembedwe kuti ny.

Chotsatira ndi Git, pulogalamu yomwe Linus Torvalds adalemba mu 2005 yosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa mafayilo, pamodzi ndi GitHub, komwe mbiriyo imasungidwa pa intaneti. Ophunzira ambiri m'madera athu amagwiritsa ntchito malaputopu akaunjika a batire lotopa, ndipo laputopu imatha kufa, kubedwa kapena kupsa magetsi akabwera mwamphamvu. Ntchito yomwe ili pa GitHub imapulumuka zonsezi. Kuphatikiza apo, wofuna kulemba munthu ntchito amayang'ana pomwepo kuti aone zomwe munthuyo wapangapo. Malamulo oyambira a Git ndi ochepa ndipo amaphunzirika m'masiku owerengeka. Chofunika kukumbukira n'chakuti zomwe zaikidwa poyera pa GitHub aliyense amaziona, choncho pasiwedi isalembedwe m'mafayilo amenewo.

Akafika apa, wophunzira asiye zoyeserera n'kupangira webusaiti munthu weniweni. Sayenera kupita kutali. Pa Biwi Triangle pali magalaja ndi ogulitsa masipeya, ku Mgona kuli amalonda a mtedza, ku Area 25 kuli sukulu zapulaiveti zambiri, ku Chinsapo kuli mipingo ndi timabungwe tothandiza ana, ndipo atelala ndi akalipentala ali paliponse. Ntchito ya munthu weniweni imaphunzitsa zomwe buku silinena. Mwini galaja sakhala ndi mawu olembedwa kale, ndiye wopanga webusaiti amakhala naye pansi, kumufunsa, n'kulemba yekha. Zomwe kasitomala wa galajayo akufuna ndi zochepa: zomwe amakonza, nthawi yotsegula, nambala ya foni ndi kafikidwe. Kafikidwe n'kofunika kukaganizira bwino, chifukwa m'madera ambiri a Lilongwe munthu salondoleredwa ndi dzina la msewu koma ndi chigayo, tchalitchi kapena siteji ya minibasi, ndiye pambali pa mapu a Google palembedwenso malangizo otere. Batani lotsegula WhatsApp limapangidwa polemba wa.me, kenako 265 ndi nambala ya foni, 0 wa kumayambiriro atachotsedwa, ndipo pa mawebusaiti ambiri a bizinesi zazing'ono batani limeneli ndi lomwe limagwira ntchito kuposa china chilichonse.

Chilungamo chimafunanso kunena kuti si bizinesi iliyonse yomwe ikufunika webusaiti. Mayi wogulitsa zitenje kwa anthu a m'dera lake lomwelo, tsamba la Facebook ndi WhatsApp zimamukwanira, ndipo kumunyengerera kuti alipire chinthu chosamubweretsera phindu kumaipitsa mbiri ya ntchitoyi. Omwe webusaiti imawathandizadi ndi omwe amafufuzidwa ndi anthu akutali: sukulu, malo ogona alendo, bungwe lopempha thandizo kunja, wamalonda wofuna ogula a mayiko ena, ndi kampani yopikisana pa matenda yomwe ikufuna imelo ya dzina lake m'malo mwa Gmail.

Tsopano nkhani ya dzina ndi malo. Zinthu ziwirizi amazisokoneza ambiri, chonsecho n'zosiyana ndipo zimatha kugulidwa kwa anthu osiyana. Domain ndi dzina lomwe anthu amalemba pofuna webusaiti. Hosting ndi malo pa seva pomwe mafayilo amakhala. Zili ngati chikwangwani ndi shopu ya lendi: wamalonda atha kusamuka shopu n'kunyamula chikwangwani chake, makasitomala n'kumamupezabe ndi dzina lomwelo. Chomwe chimalumikiza dzina ndi seva ndi dongosolo lotchedwa DNS, ndipo wophunzira ayenera kudziwa kulisintha, podziwanso kuti kusinthako nthawi zina kumatenga maola angapo kuti kufike ponseponse.

Mayina a dziko la Malawi amathera ndi .mw, yomwe idakhazikitsidwa mu 1997, ndipo kaundula wake amayendetsedwa ndi Malawi SDNP ku Blantyre. Pansi pake pali co.mw ya makampani, org.mw ya mabungwe, ac.mw ya sukulu zaukachenjede ndi gov.mw ya boma. Dzina la .mw limauza woliona kuti mwini wake ndi wa konkuno, ndipo limapezeka kudzera m'makampani a m'dziko muno olandira makwacha. Mayina a .com amayendetsedwa ndi kampani ya Verisign ya ku America, yomwe kuyambira mu 2024 imawapereka kwa ogulitsa pa mtengo wopitirira pang'ono madola 10 pachaka, ndipo ogulitsa monga Namecheap amaikapo phindu lawo. Wina akamagulitsa .com pa dola imodzi, ndiye kuti ndi nyambo ya chaka choyamba chokha. Dzina silimagulidwa kwamuyaya, limalipiridwa chaka ndi chaka. Za mayina aulere ndi bwino kuziiwala. Kwa zaka zambiri kampani ya Freenom inkapereka mayina othera ndi .tk ndi .ml kwaulere, koma mu 2023 idasiya kulembetsa atsopano itasumiridwa ndi kampani ya Meta, ndipo anthu omwe adamanga ntchito zawo pa mayina amenewo adavutika.

Pali mfundo ina yomwe imayambitsa mikangano yambiri pakati pa opanga mawebusaiti ndi makasitomala awo. Wopanga webusaiti amalembetsa dzina la bizinesi ya kasitomala pogwiritsa ntchito imelo yake ya iye mwini, chifukwa n'zachangu. Pakapita chaka wasamukira ku Joni, kapena wasintha nambala, kapena ayambana, ndipo mwini bizinesi alibe njira yofikira dzina lomwe adalisindikiza pa chikwangwani, pa malisiti ndi pa galimoto. Dzina lilembetsedwe m'dzina la kasitomala ndi imelo ya kasitomala, wopangayo angopatsidwa chilolezo cholowa. Ena amasunga dzinalo dala kuti kasitomala asawathawe, koma kumeneko n'kumugwira munthu pakhosi, ndipo m'dera lomwe anthu amadziwana mbiri yotere siichedwa kufala.

Posankha hosting, funso loyamba si la mtengo koma la mtundu wa webusaiti. Pali mawebusaiti omwe ndi mafayilo a HTML, CSS ndi zithunzi basi, osasintha pokhapokha mwini wake atawasintha. Otere safuna seva yolipira. GitHub Pages, Netlify ndi Cloudflare Pages zimawasunga kwaulere, zimalola kulumikizako dzina logula, ndipo zimawatsegula mwachangu. Ndiye kuti webusaiti ya galaja, ya telala kapena ya wophunzira mwini wake yoonetsera ntchito zake itha kukhala pa intaneti chaka chonse pa mtengo wa dzina lokha. Iyi ndi njira yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti oyamba kumene ambiri saidziwa, n'kumalipira seva yomwe sakuifuna. Malire ake alipo: GitHub Pages salola webusaiti yopitirira 1 GB, ndipo malamulo ake amaletsa kuyendetserapo sitolo ya pa intaneti. Komanso zaulere zimatha. Kampani ya Heroku, yomwe ophunzira ambiri padziko lonse ankaidalira, idathetsa gawo lake laulere mu November 2022. Chitetezo cha wophunzira n'chakuti mafayilo ake ali pa GitHub, ndipo kuwasamutsira kwina ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Mtundu wachiwiri ndi wa mawebusaiti omwe mwini wake akufuna kumalembapo yekha nkhani, kapena omwe amasunga mayina a ophunzira, katundu ndi maoda. Awa amafuna seva yoyendetsa pulogalamu ndi nkhokwe ya zolembedwa. Otchuka kwambiri ndi a WordPress, yomwe Matt Mullenweg ndi Mike Little adayambitsa mu 2003, ndipo lero imayendetsa mawebusaiti oposa 40 mwa 100 aliwonse padziko. WordPress imafuna PHP, chilankhulo chomwe idalembedwera, ndi MySQL, yosunga nkhokwe ya zolembedwayo. Kuiphunzira sikulira ndalama, pakuti pulogalamu yaulere ya XAMPP imasandutsa laputopu kukhala seva yoyesererapo popanda intaneti. Ikafika nthawi yoika poyera, chokwanira ndi shared hosting, pomwe mawebusaiti ambiri amagawana seva imodzi ndipo zonse zimayendetsedwa podina mabatani, kawirikawiri mu pulogalamu yotchedwa cPanel. Seva ya mtundu wa VPS imaoneka yotsika mtengo pa chikwangwani, koma imafuna munthu wodziwa Linux woti aziitchinjiriza yekha, choncho woyamba kumene aidikire. Maganizo osandutsa kompyuta ya kunyumba kukhala seva nawo sapita patali. Aliyense wokumbuka mdima womwe udatsatira namondwe wa Ana mu January 2022, pomwe malo opangira magetsi a Kapichira adawonongeka dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130, akudziwa chifukwa chake.

Mtengo weniweni wa hosting ndi wa chaka chachiwiri. Makampani akuluakulu akunja amalengeza mtengo wotsika kwambiri pamwezi, koma umagwira ntchito kwa yekhayo wolipiriratu chaka kapena zaka zingapo nthawi imodzi, ndipo nthawiyo ikatha mtengo umakwera kawiri kapena kuposa apo. Kwa Mmalawi pali vuto lina pamwamba pake. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Hosting ya madola 60 pachaka yomwe inali K70,800 idasanduka K102,000 usiku umodzi, kampani ya kunjayo isadasinthe kalikonse. Kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsanso kuti mabanki aziika malire pa zomwe khadi lingalipire kunja, ndipo khadi limatha kukanidwa pa tsiku lomwe webusaiti ikutha. Wopanga webusaiti yemwe adalonjeza kasitomala mtengo wokhazikika m'makwacha pomwe iye akulipira m'madola amapezeka akuwonjezera za m'thumba mwake.

N'chifukwa chake makampani a m'dziko muno olandira makwacha kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena ku banki amakhala oyenera kuwaganizira, ngakhale mtengo wawo utaoneka wokwererapo. Ambiri mwa iwo amachita lendi maseva a kunja n'kumagawa malo, ndipo palibe cholakwika pamenepo, bola anene zoona akafunsidwa komwe seva ili. Malo a seva ali ndi kanthu, chifukwa intaneti ya dziko lino imadutsa ku Mozambique ndi ku Tanzania isanafike pa nthambo za pansi pa nyanja, ndipo seva ya ku Johannesburg imayankha msanga kusiyana ndi ya ku America. Asanalipire, munthu afunse mtengo wa chaka chamawa, afunse ngati kampaniyo imasunga makope a webusaiti ndi kuti kuwabwezeretsa kumalipiridwa kapena ayi, afunse ma imelo angati omwe akuloledwa, komanso ngati angatenge mafayilo ndi dzina lake atafuna kuchoka. Njira yabwino yoyesera kampani ndi kuitumizira funso Loweruka madzulo usanakhale kasitomala wake n'kuona nthawi yomwe itenge kuyankha. Satifiketi ya SSL, yomwe imachititsa dzina kuyamba ndi https, isalipiridwe padera. Bungwe la Let's Encrypt lakhala likuipereka kwaulere kuyambira kumapeto kwa 2015, ndipo kuyambira mu July 2018 Chrome imachenjeza anthu kuti tsamba lopanda satifiketiyi ndi losatetezeka.

Webusaiti ikakwera pa intaneti ntchito siinathe. Ya WordPress imafuna kukonzedwanso pafupipafupi, iyo pamodzi ndi ma plugin ake, timapulogalamu toiwonjezera luso, chifukwa akuba a pa intaneti amalowera pa mapulogalamu akale. Ma theme, omwe amakonza maonekedwe a webusaiti, ndi ma plugin olipira omwe amagawidwa kwaulere m'magulu a WhatsApp ndi Telegram kawirikawiri amakhala atabisidwamo zoipa, ndipo webusaiti ya sukulu imadzuka tsiku lina ikulengeza za juga. Kope la webusaiti lisungidwenso kwina, pa fulashi kapena pa Google Drive, osadalira kampani yokha. Kasitomala akafuna kulandira ndalama pa webusaiti, woyamba kumene asayese kupanga njira yakeyake, koma alumikize makampani ochita ntchito imeneyo monga PayChangu, omwe amalandira ndalama za pa foni ndi za pa khadi.

Malamulo nawo alipo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imakhudza malonda ndi zofalitsidwa pa intaneti, ndipo Data Protection Act ya 2024, yomwe amaiyang'anira ndi a MACRA, imakhudza aliyense wosonkhanitsa mayina, manambala a foni ndi zina zokhudza anthu. Fomu yofunsa zambiri kuposa zomwe zikufunika ndi katundu wolemetsa mwini webusaiti. Zithunzi za ana a sukulu zisaikidwe popanda chilolezo cha makolo, ndipo chithunzi kapena nyimbo yopezeka pa Google ili ndi mwini wake, monga Copyright Act ya 2016 imanenera. Kujambula yekha zithunzi za pamalopo kumathetsa vutoli, ndiponso makasitomala amakhulupirira kwambiri chithunzi cha galaja yeniyeni ya ku Biwi kusiyana ndi cha makaniko wa ku Ulaya.

Wophunzira payekha amafika pomwe wasowa womufunsa. Ku Lilongwe kuli mHub, yomwe Rachel Sibande adayambitsa ndipo yaphunzitsa achinyamata ambiri, kuphatikizapo atsikana, luso la makompyuta. Kulinso NACIT kwa ofuna maphunziro a satifiketi ndi dipuloma. Mapepala amathandiza pofunsira ntchito m'maofesi, koma kasitomala wa m'dera amafunsa chinthu chimodzi, choti aonetsedwe webusaiti yomwe ikugwira ntchito.

Polipiritsa, zinthu zilembedwe padera: ntchito yopanga, dzina, hosting, ndi kusamalira kwa mwezi kapena chaka. Kasitomala adziwe kuyambira tsiku loyamba kuti dzina ndi hosting zidzafunanso ndalama chaka chamawa, ndi kuti zolipiridwa m'madola zidzatsatira mtengo wa dola wa tsiku limenelo. Mgwirizano ulembedwe, ngakhale papepala limodzi, unene masamba angati, kusintha kangati, ndi ndalama yoyambira ntchito. Pomaliza ntchito kasitomala apatsidwe pepala la komwe dzina lidalembetsedwa, komwe webusaiti ikusungidwa, malowedwe ake ndi masiku omwe zonsezi zidzathe. Tsiku lothera dzina ndi loyenera kuliopa. Dzina la .com likapanda kulipiridwa webusaiti ndi imelo zimaima, ogulitsa ambiri amapereka masabata angapo oti munthu alipire pa mtengo wa nthawi zonse, kenako pamabwera masiku 30 oliwombola pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo akatha amenewo dzinalo limamasulidwa patangopita masiku asanu kuti aliyense aligule. Popeza kupeza madola kumatha kutenga nthawi, chikumbutso chiikidwe pa foni ya wopanga ndi ya kasitomala miyezi iwiri tsikulo lisanafike.